Huashan: phili limene mfumu inaluza pa masewela

Ambili a ife tinaliona phili ili tisanadziwe dzina lake. Kavidiyo kake kamazungulila pa Facebook na pa TikTok caka na caka: munthu wamata cifuwa ku cimwala, mapazi ali pa mapulanga opapatiza, dzanja lagwila cheni, ndipo pansi pake pali nkhungu cabe. Pamwamba amalembapo kuti iyi ndiye njila yoopsa kupambana zonse pa dziko. Timaseka, timalemba kuti ife olo atipatse zingati sitingapondepo, n'kupitilila ku vidiyo ina. Koma ndani anayamba kukhoma mapulanga pamalo otelo, ndipo anali kufuna ciani? Sanakhomele alendo a makamela. Njila imeneyi ili na zaka zoposa 700, ndipo phili lake lili na mbili yolembedwa ya zaka zoposa 2,000.

Dzina lake ni Huashan, kutanthauza phili la Hua. Lili m'cigawo ca Shaanxi ku China, pafupi na tauni ya Huayin, makilomita pafupi-fupi 120 kum'mawa kwa mzinda wa Xi'an, mtunda wonga wocoka mu Lusaka kufika ku Mazabuka. Lili na nsonga zisanu, ndipo yaitali kwambili, ya kum'mwela, ifika mamita 2,154 kucokela pa nyanja. Nambala imeneyi payokha si yodabwitsa. Cocititsa mantha n'cakuti cigwa ca mtsinje wa Wei, cimene cili m'munsi mwake, sicifika na mamita 500 omwe, conco phili limangonyamuka monga cipupa. Lonse ni mwala wa granite, uja timaona pa manda ku Leopards Hill na pa makauntala a m'makhichini a anthu a ndalama. Mwalawu unapangika pansi pa nthaka zaka pafupi-fupi 120 miliyoni zapitazo, pamene mwala wosungunuka unazizila pang'ono-pang'ono. Pambuyo pake nthaka inang'ambika m'mphepete mwake: mbali ya cigwa inatitimila, mbali ya phili inakwela. Granite siidyeka msanga na mvula, imangosweka m'ming'alu yowongoka, n'cifukwa cake Huashan ili na zipupa zoyela zosalala m'malo mwa zitunda. Mng'alu wa pansiwo tiusunge m'mutu, tidzakumana nawo mu 1556.

Anthu a ku China akale anali na mapili asanu opatulika amene anali ngati zikhomo za dziko lawo: Taishan kum'mawa, Songshan pakati, mapili awili ochedwa Hengshan, lina kumpoto lina kum'mwela, na Huashan kumadzulo. Mfumu imene inali kufuna kuti anthu aione kuti ni yovomelezeka kumwamba inafunika kupeleka nsembe ku mapili amenewa, kapena kutuma nduna kukapeleka m'malo mwake. Conco Huashan inalowa m'ndale kale-kale. Buku la Han Feizi, lolembedwa m'zaka za m'ma 200 B.C., lisimba za Mfumu Zhao ya dziko la Qin. Mfumuyi akuti inatuma amisili kukwela philili na makwelelo a ngowe, kukasema zida zikulu-zikulu za masewela a pa bolodi, na kulemba pa mwala kuti mfumu inasewelapo na mulungu wa kumwamba pamalo amenewo. Mfumu yeni-yeniyo siinakwele. Inangofuna kuti mbili imveke. Amene amaganiza kuti kujambula cithunzi cabodza kuti anthu akutamande kunayamba na mafoni, awelenge nkhani imeneyi.

Mafumu otsatila anacita cimodzi-modzi m'njila yaulemu. Kulambila kwa boma pa Huashan kunakhazikika m'nthawi ya Mfumu Wu ya ufumu wa Han, imene inalamulila kucokela mu 141 mpaka 87 B.C., ndipo kacisi wake, Xiyue Miao, ali m'cigwa, makilomita angapo kucoka pa phili. Ni wamkulu, wa mipanda yaitali na zipata zotsatana ngati nyumba ya mfumu. Ukaima m'bwalo lake umaona nsonga za phili patali kum'mwela. Apa ndiye panali kuthela ulendo wa mafumu na nduna zawo: kufukiza, kuwelenga pemphelo lopempha mvula kapena mtendele, kuimika mwala wolembedwa, n'kubwelela ku likulu.

Mfumu imene inalikonda kwambili philili ni Xuanzong wa ufumu wa Tang. Iye anali kukhulupilila kuti caka cimene anabadwa cinam'mangilila ku phili la kumadzulo, ndipo mu 713 anapatsa mulungu wa Huashan udindo wa Jintian Wang, kapena kuti Mfumu ya Kumwamba kwa Golide. Tiime pang'ono apa: munthu ndiye apatsa mulungu udindo, monga mmene amakwezela nduna pa nchito. Umu ndimo mafumu a ku China anali kuonela zinthu, kuti milungu ya mapili na mitsinje ni akulu-akulu a boma la kumwamba, ndipo mfumu ingawakweze. Ubwenziwo sunam'pulumutse. Mu 756 asilikali a An Lushan, kazembe amene anapandukila boma, anathyola citetezo ca pa mpata wa Tong, kum'mawa pang'ono kwa Huashan, ndipo Xuanzong anathawa mu likulu lake la Chang'an, limene lelo ni Xi'an.

Amene anali kukwela zoona anali anthu a mtundu wina. Ife kuno tikamva za amonke a ku China timaganiza za Shaolin, cifukwa ca mafilimu a kung fu amene tinakula nawo m'tumanyumba twa mavidiyo m'makomboni. Koma Shaolin ni kacisi wa Abuda, ndipo ali pa Songshan. Huashan ni ya Atao. Cipembedzo ca Tao cinabadwila mu China mweni-mweni. Cimalemekeza Laozi na buku locepa lochedwa Daodejing, ndipo monga gulu lolinganizika cinayamba ca m'ma 142 A.D. na Zhang Daoling ku Sichuan. Tao itanthauza njila, mmene cilengedwe cimayendela cokha popanda kucikakamiza. Ansembe ake sameta mpala. Amasunga tsitsi n'kulimanga pamwamba pa mutu. Cimene ambili a iwo anali kufuna ni moyo wautali, ngakhale wosafa, kupitila m'kusinkhasinkha, kulamulila kapumidwe, kusala zakudya zina na kumwa mankhwala a zitsamba na a miyala. Pa nchito yotele, phili ndiye malo abwino: kuli zitsamba, kuli mapanga, kulibe okhometsa msonkho. Atao anali kukhulupilila kuti mapanga ena m'mapili ni makomo oloweza ku maiko a osafa, ndipo Huashan ili pa mndandanda wa malo amenewo. Kou Qianzhi, amene pambuyo pake anakonzanso cipembedzoci n'kucifikitsa ku nyumba ya mafumu a Northern Wei m'zaka za m'ma 400, anayambila maphunzilo ake pa phili limeneli.

Kukwela masiku amenewo kunali kotani? Nkhani ya Han Yu iyankha. Uyu anali mmodzi wa olemba olemekezeka kwambili a nthawi ya Tang, munthu wolimba pakamwa amene mu 819 anadzudzula mfumu poyela pa nkhani ya fupa la Buddha n'kupitikitsidwa ku likulu. Wolemba wina wa nthawi yake, Li Zhao, anasimba kuti Han Yu atakwela Huashan anayang'ana kumbuyo n'kuona kuti sangatsike. Analila mokweza, analemba kalata yotsazika a m'banja lake, mpaka mkulu wa boma wa ku Huayin anacita kupeza njila yom'tsitsila. Ena pambuyo pake anakana kuti munthu wotelo sangalile. Koma malo ake alipo mpaka lelo pa Canglong Ling, msana wa mwala wopapatiza wokhala na phompho uku na uku, ndipo pa mwala panasemedwa mau okumbutsa kuti apa ndiye anaponyela kalata. Tisamuseke kwambili. Masitepe osemedwa bwino na zogwilila zimene zilipo manje panalibe.

Munthu amene dzina lake linamatilila ku Huashan kuposa onse ni Chen Tuan. Anakhala m'zaka za m'ma 900, pamene ufumu wa Tang unali utagwa ndipo mafumu anali kusinthana monga nyengo, maufumu asanu m'zaka 53. Ca kuciyambi kwa m'ma 930 analemba mayeso a boma, aja amene anali khomo la nchito na ulemu, ndipo analephela. Sanabwelezenso. Anapita ku mapili a Wudang, anakhalako zaka zoposa 20, ndiyeno anasamukila ku Huashan. Anachuka na cinthu cimene ife tingacione ngati ulesi: kugona. Mbili ya boma ya ufumu wa Song ikamba kuti anali kugona masiku oposa 100 osauka. Kwa Atao uku sikunali kugona wamba, kunali kusinkhasinkha ali cigonele, thupi lili zii, mpweya ukuyenda pang'ono-pang'ono. Kaya masikuwo anali 100 kapena anthu anaonjezela, cimene cinali kukopa anthu n'cakuti panali munthu wophunzila amene sanali kufuna kanthu kwa aliyense, pa nthawi imene ophunzila anzake anali kusintha mabwana kuti apulumutse khosi.

Mafumu sanamuleke. Mu 956 Mfumu Shizong ya Later Zhou inamuitanitsa, inam'sunga ku nyumba yacifumu kupitilila mwezi, n'kumufunsa cinsinsi copangila golide na siliva. Chen Tuan anayankha kuti munthu wolamulila dziko lonse ayenela kuika mtima pa kulamulila bwino, osati pa zopanga golide. Mfumu siinakwiye. Inam'patsa udindo wa uphungu, iye anakana, n'kubwelela ku phili. Mu 984 Mfumu Taizong ya Song inam'landila na ulemu waukulu n'kum'patsa dzina lakuti Xiyi. Anabwelelanso. Anamwalila mu 989 m'kacipinda ka mwala kamene anauza wophunzila wake Jia Desheng kuti am'semele. Kacisi wa Yuquan Yuan, amene ali pakhomo pa cigwa pamene okwela na miyendo amayambila, anamangidwa pom'kumbukila, ndipo muli cifanizo cake ali gone. Mwambo umakambanso kuti zithunzi zofotokoza yin na yang zimene akatswili a nzelu a nthawi ya Song anagwilitsila nchito zinadzela mwa iye.

Izi n'zolembedwa. Manje imene anthu wamba amaikonda ni ina. Akuti Zhao Kuangyin, akali msilikali wosauka woyendayenda, anafika pa Huashan n'kukumana na mkulu wina amene anam'pempha kuti asewele chesi ya ku China. Mnyamatayo analuza ndalama, analuza hachi, ndipo posowa cina cobechela anati abecha phili lonse. Kubecha cinthu cimene si cako n'kosavuta. Mkuluyo, amene anali Chen Tuan, anati alembelane. Mnyamata analuzanso, anasaina, n'kupita akuseka. Mu 960 Zhao Kuangyin anakhala mfumu yoyamba ya ufumu wa Song, ndipo Chen Tuan anatulutsa cipepala cija. Kucokela pamenepo, ikutelo nthano, Huashan ni ya Atao ndipo siilipila msonkho. Pafupi na nsonga ya kum'mawa pali kanyumba ka mwala pa kansonga kokha-kokha, kamene amati ndiye panacitikila masewelawo. Kuti ukafikeko umatsika cagada pa cipupa, mapazi akufufuza tumaenje tosaoneka.

Mbili ya boma siichula masewela amenewa, ndipo ife tiona kuti ni nthano. Koma tifanizile na ija ya Mfumu Zhao. M'nkhani yoyamba mfumu inamizila kuti inasewela na mulungu pa phili, kuti ioneke yaikulu. M'nkhani yaciwili mfumu isewela na munthu wogona m'phanga, n'kuluza. Anthu a m'munsi mwa phili, amene anali kupeleka mbewu zawo ku boma caka ciliconse, anasunga yaciwiliyi kwa zaka mazana cifukwa inali kukamba cimene iwo sakanakamba poyela: kuti pali malo amodzi pamene dzanja la mfumu silifika.

Mapulanga a mu vidiyo anabwela pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1100 Wang Chongyang, mbadwa ya ku Shaanxi komweko, anayambitsa gulu la Atao lochedwa Quanzhen, la ansembe osakwatila okhala m'nyumba za amonke. Mmodzi wa ophunzila ake asanu na awili ochuka, Hao Datong, ndiye amaonedwa kuti ni kholo la nthambi ya Huashan. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, China ili m'manja mwa Amongoli, wansembe wa Quanzhen dzina lake He Zhizhen anafika pa phili n'kuyamba kusema mapanga m'granite na nyundo na chizulo. Kuseli kwa nsonga ya kum'mwela anapeza kashelefu ka mwala kamene munthu sakanafikapo. Anaboola mabowo m'cipupa, analowetsamo zikhomo, n'kuyalapo mapulanga. Njila imeneyi amaicha Changkong Zhandao. Ni ya mamita pafupi-fupi 100, mapulanga ake ni ocepa m'lifupi kuposa mpando wa mu minibasi, ndipo siipita kulikonse. Imathela pa kaphanga kopemphelelamo, ukafika umabwelela momwemo. Siinali njila yodutsa. Inali citseko cotsekela anthu kunja.

Nthano ya kumeneko ikamba kuti He Zhizhen anasema mapanga 72, ndipo aliyense akatha, wansembe wina anali kubwela kudzam'pempha, iye n'kupeleka. Kwathu timati mapanga awili avumbwitsa; uyu anali na 72 koma analibe lake. Ophunzila ake awili, amene anabwela kudzaphunzila za moyo wosafa n'kupezeka kuti aphwanya miyala caka na caka, anatopa. Tsiku lina mphunzitsi ali lende pa cingwe akusema, anadula cingweco n'kuthawa. Ali m'njila yotsika anakumana naye akukwela, wamoyo, ngati palibe cacitika. Anagwada, anabwelela naye. Mwala wa pamalopo umachedwa Huixin Shi, mwala wotembenukilapo mtima. Dzinali lili na tanthauzo laciwili limene aliyense wofikapo amalimva, cifukwa pamwamba pake ndiye payambila Qianchi Zhuang, mng'alu wa masitepe oposa 300 oimilila ngati makwelelo, wopapatiza moti anthu awili sapambana bwino. Ambili mtima unawatembenukila pomwepo n'kubwelela kunyumba.

Kwa zaka mazana njila yocokela ku Yuquan Yuan kudzela m'mng'alu umenewu ndiyo inali yokha yodziwika, ndipo pamwamba pa mng'aluwo panali citseko ca citsulo. Wocitseka anali atatseka phili lonse. Olimba mtima ocepa anakwela n'kusiya umboni. Kuciyambi kwa m'ma 1380 sing'anga Wang Lü anakwela ali na zaka za m'ma 50 n'kujambula zithunzi 40 za zimene anaona na maso ake, ndipo zikali kusungidwa ku Beijing na ku Shanghai. Woyendayenda wochuka Xu Xiake anafikako mu 1623.

Pakati pa awiliwa panagwa tsoka. Usiku wa pa 23 January 1556, mng'alu uja unakweza phili unagwedezeka. Civomezi cimeneci cinapasula Huaxian, Weinan na Huayin, matauni a m'munsi mwa Huashan, ndipo zolemba za boma la Ming zinawelengela akufa 830,000. Pa zivomezi zonse zolembedwa m'mbili ya anthu, ici cimachulidwa kuti ndiye cinapha ambili. Cifukwa cimodzi n'cakuti anthu a kumeneko anali kukhala m'nyumba zokumba m'dothi lofewa lacikasu, zochedwa yaodong, ndipo zinawagwela ali m'tulo. Mphamvu imene inapanga malo okongola amene anthu amajambula lelo ni imodzi-modzi imene inakwilila mabanja amenewo.

Njanji inafika ku Xi'an kumapeto kwa 1934, kudzela ku Huayin, ndipo caka cotsatila mtsikana wa ku Germany wojambula zithunzi, Hedda Hammer, amene pambuyo pake anadziwika kuti Hedda Morrison, anakwela philili. Zithunzi zake zionetsa ansembe a ndevu zazitali atakhala pa miyala, akacisi aang'ono omatilila ku zipupa, na macheni akale. Zinatuluka m'buku mu 1974, pamene zambili za zimene anajambula zinali zitaonongeka kale.

Mu 1949 nkhondo ya pakati pa Makomyunisti na boma la Kuomintang inafika pa phili. Xi'an atagwa mu May, mkulu wa asilikali a boma Han Zipei anathawila pamwamba na anthu mazana angapo n'kutseka njila ija imodzi. Anali kudziwa kuti asilikali ocepa angaletse gulu lonse pa mng'alu umenewo. Cimene sanawelengele ni anthu a m'midzi, amene anali kukwela kuseli kukafuna nkhuni na mankhwala. Mmodzi wa iwo, Wang Yinsheng, anatsogolela kagulu ka asilikali azondi kotsogozedwa na Liu Jiyao kudzela m'zipupa za kum'mawa, na zingwe na ndodo za ngowe, ndipo mu June analanda nsonga ya kumpoto usiku. Otsalawo anagonja patapita masiku ocepa. Mu 1953 nkhaniyi inakhala filimu, Zhiqu Huashan, imene inaonetsedwa m'dziko lonse. Kwa anthu mamiliyoni a ku China, phili la Chen Tuan linasanduka phili la asilikali olimba mtima.

Cimene mafumu sanacite m'zaka 2,000 cinacitika m'zaka khumi. Pa Cultural Revolution, kucokela mu 1966 mpaka 1976, zipembedzo zonse zinaonedwa ngati zotsalila za umbuli. Akacisi ambili a pa Huashan anaphwanyidwa, zifanizo zinaswedwa, ansembe anatsitsidwa n'kuuzidwa kuti akalime monga aliyense. Ocepa anabisala m'mapanga akutali. Cipepala ca Chen Tuan, ngati cinaliko, palibe anacifunsa.

Ndiyeno mphepo inatembenuka. Mu 1982 boma linaika Huashan pa mndandanda woyamba wa malo okongola a dziko, ndipo anthu anayamba kubwela mwaunyinji pa njila imene inapangidwila munthu mmodzi-mmodzi. Pa 1 May 1983 khamu linapanikizana pa Qianchi Zhuang, ena anagwa n'kukokela anzawo pansi, ndipo ophunzila za udokotala a pa yunivesiti ya asilikali ya ku Xi'an, amene anabwela kudzaceza, ndiwo anawakha ogwawo na kuwanyamula. Pambuyo pake masitepe anakulitsidwa, njila zina zinasemedwa kuti okwela na otsika asakumane, zogwilila zinaikidwa. Mu 1996 anatsegula tumagalimoto toyenda pa nthambo topita ku nsonga ya kumpoto, mu 2013 twina topita ku nsonga ya kumadzulo. Ulendo umene unali kutenga maola ambili manje ni wa mphindi. Pa mapulanga paja munthu saloledwa popanda lamba womukoleka ku nthambo ya citsulo. Nambala imene imayenda pa intaneti, yakuti anthu 100 amafa pa phili caka ciliconse, amene amaifalitsa sachula kumene anaitenga.

Wolemba wa ku America Bill Porter anayenda m'mapili amenewa mu 1989 kufunafuna odzipatula, ndipo m'buku lake la Road to Heaven muli ansembe okalamba a pa Huashan amene anapulumuka zaka zoipa zija. Dandaulo lawo silinali la a Red Guard cabe. Linalinso la alendo na akulu-akulu a zokopa alendo, amene anasandutsa akacisi kukhala malo oonetsa. Apa ife tiona kuti pali nkhani yovuta kuiweluza na liu limodzi. Ndalama za matikiti ndizo zinamanganso akacisi amene anagwetsedwa. Nthambo na malamba zapulumutsa miyoyo, ndipo agogo amene sakanaona nsonga zimenezi akuziona. Anthu a ku Huayin apeza nchito. Koma phili lelo liyendetsedwa na ofesi ya boma na kampani ya zokopa alendo, ndipo ansembe ali m'makona amene anapatsidwa. Amene anaboola granite kuti athawe phokoso ndiwo anapanga cinthu cimene cikoka phokoso lalikulu kupambana. Pa maholide a dziko anthu amaima pa mzela maola kuti aponde mapulanga a He Zhizhen.

Ngakhale nthano zasintha eni ake. Acinyamata ambili a ku China amadziwa Huashan cifukwa ca mabuku a Jin Yong, wolemba wa ku Hong Kong, m'mene akatswili a lupanga amakumana pamwamba pa phili kuti aone wopambana. Iye anafikako mu 2003 ali na zaka 79, ndipo mwala wolembedwa mau a dzanja lake pa nsonga ya kumpoto uli na mzela wake-wake wa ojambulitsa.

Okwela na miyendo akalipo, maka-maka ophunzila a m'mayunivesiti a ku Xi'an amene ndalama ya nthambo iwacepela. Amafika na sitima yothamanga m'mphindi zosakwana 40, amagula magolovesi ochipa ogwilila macheni, n'kuyamba pa Yuquan Yuan usiku, kuti m'bandakuca uwapeze pa nsonga ya kum'mawa. Amapita pa Huixin Shi, amakwawa mu Qianchi Zhuang na matochi pamphumi, amadutsa pamene Han Yu analilila. Pa cipata ca Jinsuo Guan macheni onse alemedwa na maloko na nsalu zofiila, zimene anthu amamangapo popempha umoyo wa makolo kapena cikondi cosatha, kiyi n'kuiponya m'phompho. M'njila yonse amapambana na amuna onyamula katundu pa mtengo wopingasa pa mapewa, ambili a iwo acikulile ocokela m'midzi yosauka, amene amalipilidwa molingana na makilo. Madzi a m'botolo, mpunga wa m'malesitilanti, simenti na njelwa zokonzela akacisi a pakati pa nsonga, kumene nthambo sizifika, zimakwela pa mapewa awo, ndipo potsika amanyamula zinyalala.